Kalata Yochokera ku Mabwinja a Dunstanburgh

Newcastle upon Tyne, England

Achimwene okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Dedza. Ife kuno tili bwino ndithu, ntchito ikuyenda, kungoti masiku afupika ndipo chisanu chayamba kuluma zala. Uthenga wanu uja ndinaulandira, ndipo ndakondwa kumva kuti akubwezerani phunziro la mbiri yakale. Paja inu ndi phunziro limeneli simusiyana. Nkhani imene ndili nayo singakwane pa foni, n'chifukwa chake ndati ndikhale pansi ndilembe kalata ngati mmene tinkachitira kale.

Kumpoto kwa kuno, m'chigawo cha Northumberland, m'mphepete mwa nyanja ya North Sea, kuli mabwinja a linga lakale lotchedwa Dunstanburgh. Ndikapuma kuntchito ndimakonda kupitako. Munthu amakwera basi yodzera ku Alnwick n'kukatsikira pa kamudzi ka asodzi kotchedwa Craster, kamene kamadziwika ndi nsomba zowamba za mtundu wa herring. Ukangotsika basi, fungo la utsi ndilo limakulonjera. Kuchokera pamenepo palibe msewu wa galimoto wopita ku linga. Aliyense amayenda wapansi mtunda wa makilomita awiri pa msipu wa nkhosa, nyanja ili kudzanja lamanja. Lingalo limaonekera patali, nsanja zake zogumuka pamwamba zitaima pa chitunda cha mwala wakuda, ndipo umayenda, kuyenda, ilo osayandikira. Alendo ambiri akafika amajambula nsanjazo, kulowa, kuzungulira, n'kubwerera. Makomawo ndi ochititsa kaso, sindikukana. Koma chimene chandilembetsa kalatayi chili pansi, pa udzu umene anthu amaupondaponda pothamangira makoma. Ndifikako. Ndiyambe ndi mwini linga.

Mwini wake anali Thomas wa ku Lancaster, ndipo ntchito yomanga inayamba mu 1313. Bambo ake, Edmund, anali mng'ono wake wa mfumu Edward I, kotero iye ndi mfumu Edward II anali ana a munthu ndi mkulu wake, magazi amodzi. Thomas anali ndi udindo wa Earl, ndiko kuti mkulu wolemekezeka wa chigawo, m'zigawo zisanu: Lancaster, Leicester ndi Derby zochokera kwa bambo ake, ndiponso Lincoln ndi Salisbury zimene zinabwera kudzera mwa mkazi wake, Alice de Lacy. Kupatula mfumu, mu England monse munalibe wachuma ngati iye. Koma awiriwa sankamwerana madzi. Edward II anali ndi mnzake wa ponda apa n'pondepo, Piers Gaveston, amene anamukweza pamwamba pa akuluakulu onse a dziko, ndipo mu 1312 Thomas ndi anzake anamugwira Gaveston n'kumudula mutu. Mfumu inadzakhululuka pakamwa, mumtima ayi, ndipo Thomas ankadziwa zimenezo. Chaka chotsatira m'pamene anthu ake anayamba kukumba dothi ndi kuswa miyala ku Dunstanburgh, kutali kwambiri ndi London, kutalinso ndi nyumba yake yaikulu ya ku Pontefract.

Malo anasankha abwino. Chitundacho ndi mbali ya mzere wautali wa thanthwe lakuda wotchedwa Whin Sill, umene umadutsa kumpoto kwa England, ndipo ndi pa thanthwe lomweli pamene Aroma anamangapo gawo lina la khoma la Hadrian. Kumpoto kwa linga kuli phompho la mamita 30 lotsikira m'nyanja, lotchedwa Gull Crag, choncho kumeneko sikunafunike chitetezo chambiri. Mbali zinazo anazinga ndi mpanda wa miyala, ndipo bwalo la m'kati ndi la mahekitala anayi, lalikulu kuposa la linga lina lililonse mu Northumberland. Mwala wakudawo ndi wouma zedi, susemeka, ndiye anauthira m'mimba mwa khoma pamodzi ndi laimu, kunja n'kukuta ndi mwala wofewa wamchenga wosemedwa bwino. Pamene mwala wakunja unachoka umaona m'kati monse, zibulumwa zakuda zogwirana ndi laimu woyera amene mpaka lero sungamukokote ndi chikhadabo. Mabuku a ndalama a Thomas amatchula mmisiri wamkulu, Master Elias. Gulu la okumba dothi ndi osenza miyala limangodutsa m'mbiri lopanda mayina.

Chipata chachikulu ndicho chimakoka maso. Ndi nyumba yathunthu ya nsanja ziwiri zozungulira, zimene zinkafika mamita 24 zisanagumuke. Pakati pake pali mpita wa denga lokhota, mmene ankatsitsiramo chitseko cholemera kuchokera m'mwamba adani akayandikira. Pamwamba penipeni panali chipinda chachikulu chodyeramo ndi kulandiriramo alendo. Masitepe ozungulira akadalipo, opapatiza, mwala wake unadyeka pakati ndi mapazi. Ukakwera n'kuyang'ana kumtunda, funso limabwera lokha: chipata chonsechi chinkalondera chiyani? Palibe mlatho pano, palibe tauni, ndipo msewu waukulu wochokera ku Scotland unkadutsa kumtunda ndithu. Asilikali a Robert Bruce, mfumu ya ku Scotland, ankatha kutsika kudzaononga midzi ya ku England osadutsa n'komwe pafupi ndi Dunstanburgh.

Yankho linatuluka m'nthaka. Kuyambira mu 2003, akatswiri a bungwe la English Heritage, mogwirizana ndi la National Trust, onse awiri osamalira malo akale, anayamba kufufuza malo ozungulira lingalo. Sanadalire kukumba. Anayenda pang'onopang'ono ndi zida zoyezera, kuyeza kachitunda kalikonse ndi kadzenje kalikonse, kujambula pa mapu, n'kufananiza ndi zithunzi za pandege ndi zolemba zakale. Anapeza kuti dambo limene lili m'munsi mwa chitunda, kumbali ya kumtunda, silinangokhalapo lokha. Anthu a Thomas anatseka madzi ndi mizere ya dothi n'kupanga maiwe atatu aakulu osazama, olumikizana ndi ngalande yokumbidwa ndi manja, kuyambira kugombe la kumpoto mpaka kugombe la kummwera. Mbali imodzi nyanja, mbali inayo maiwe, linga n'kutsala pakati ngati chilumba. M'kati mwa madziwo munalinso mtumbira wa dothi wokhala ndi mpanda wa mitengo. Chakummwera, pansi pa chitunda, anapeza zotsalira za doko la miyala, ndipo chipata chachikulu chija chinayang'ana kumeneko. Mlendo wofika pa ngalawa ankakumana maso ndi maso ndi nsanja ziwirizo. Wofika pamtunda ankayenda m'mphepete mwa madzi akuona linga kawiri, lina m'mwamba, lina m'madzi.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga. Mvula ikagwa yambiri, madzi amabwerera m'malo mwa dziwe la kumpoto. Ndinaima m'mphepete, nsapato zikumira m'matope, mlulu uli mbali zonse, ndipo nsanja ya makona anayi imene amaitcha Lilburn Tower inali dodolido m'madzimo, timisanja take ta m'makona tikugwedezeka mphepo ikapita. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa kuti munthu uyu sanangomanga pobisala. Maiwe ankathandiza, inde: ankapereka nsomba ndi abakha, ndipo mdani wokoka zida zolemera akanavutika m'matope. Koma madzi osazama otere ntchito yake yaikulu inali ya maso. Kukakhala kopanda nkhungu, ukaima pa chitundacho umaona linga la Bamburgh chakumpoto, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 15, ndipo limenelo linali la mfumu. Akatswiri ena amaganiza kuti nsanja ya Lilburn anaiika pamalo okwera dala kuti anthu a mfumu aziiona tsiku ndi tsiku. Palinso china. M'makalata achinsinsi a pakati pa gulu lake ndi akuluakulu a ku Scotland, Thomas ankatchedwa King Arthur, dzina la mfumu ya m'nthano za ku Britain imene amati inatengedwa kupita ku chilumba. Ena amalumikiza dzina limeneli ndi linga lozingidwa ndi madzi. Kaya ulusi umenewo ndi wolimba motani, uthenga wa malowa ndi womveka: kumpoto kuno kulinso wina wofanana ndi mfumu.

Apa, achimwene, m'pamene mtima wanga umawawa. Tayang'anani zaka. Mu 1314 Angelezi anagonjetsedwa koopsa ndi asilikali a Bruce ku Bannockburn, nkhondo imene Thomas anakana kupitako, ndipo kuyambira pamenepo asilikali a ku Scotland ankatsika chaka ndi chaka kudzatentha midzi ndi kulanda ziweto. Madera ena a kumpoto ankachita kusonkha ndalama kuti agule mtendere wa miyezi yochepa. Kenako mu 1315 kunagwa mvula yosalekeza kumpoto konse kwa Ulaya. Tirigu anaolera m'munda, udzu wa ziweto sunaume, ngakhale mchere unasowa chifukwa panalibe dzuwa loumitsa madzi a m'nyanja. Njala imeneyo inapitirira mpaka 1317 ndipo inapha anthu osawerengeka. Anthu asanapume n'komwe, mu 1319 kunabwera mliri wa ng'ombe umene unapha ng'ombe zoposa theka mu England, zomwezo zokoka makasu. Zaka zimenezi ndi zomwe nsanja za Dunstanburgh zinkakwera. Munthu wa ku Embleton, mudzi woyandikana ndi lingalo, ankadzuka m'mimba muli gwa, n'kuona madzi akusungidwa kuti mkulu azidzionera ulemerero wake. Inu ndi ine tikudziwa mmene njala imaonekera pankhope ya mwana, ndipo sindingathe kuyang'ana chipata chija osakumbukira zimenezo.

Komabe ndisamuweruze mbali imodzi yokha. M'khoma la kummawa, loyang'ana kunyanja, muli timipata tambiri tating'ono motsatizana. Ukasuzumira umapeza kachipinda kongokwana munthu mmodzi, pokhalira pa mwala, ndi bowo lotulukira kunja kwa khoma. Ndi zimbudzi. Asilikali olondera malowa masiku amtendere anali ochepa, sakanafuna zimbudzi zonsezo, ndipo bwalo la mahekitala anayi silinali la anthu ochepa. Bwalolo linkatha kulandira gulu la nkhondo, komanso nkhondo ikavuta anthu a m'midzi yozungulira ankathawiramo ndi ziweto zawo. Ndinakhala nthawi yaitali pa chimodzi mwa timipatato kuposa mmene ndinakhalira m'chipinda cha alendo, chifukwa pamenepo m'pamene ndinawamva anthu wamba ali pafupi: mayi wogwira mwana padzanja usiku, mphepo ya m'nyanja ikulira m'bowo, ng'ombe zikulira pabwalo.

Thomas mwiniwake sanalidyerere linga lake. Olemba mbiri amati anafikako kamodzi kokha, mu 1319, pa ulendo wopita kukazinga Berwick, tauni imene Bruce analanda chaka cha m'mbuyo mwake. Mu 1322 mkangano wake ndi mfumu unasanduka nkhondo yeniyeni. Anthu ake atayamba kumuthawa, anauyamba wa kumpoto, koma pa 16 Malichi Andrew Harclay, mkulu wa asilikali a mfumu, anamutsekera mlatho wa pa mtsinje wa Ure ku Boroughbridge. Anamugwira, kumutengera ku Pontefract, kumuweruza m'nyumba yake yomwe osamulola kudziteteza, ndipo pa 22 Malichi anamudula mutu pa kaphiri kunja kwa tauni. Pothawira pake panali patakonzeka, koma sanafikepo. Chodabwitsa n'chakuti patangopita milungu yochepa anthu anayamba kupita kumanda ake ku Pontefract n'kumati kukuchitika zozizwitsa, mpaka mfumu inatumiza alonda kukawaletsa.

Za pambuyo pake ndidutsa mwachangu. Lingalo linadzafika m'manja mwa John of Gaunt, mwana wa Edward III, kudzera mwa mkazi wake Blanche. Uyu anali ndi mantha akeake. Mu 1381 alimi ndi anthu wamba ataukira boma, anatentha nyumba yake yaikulu ya Savoy ku London, ndipo iye ali kumpoto kuno anamukaniza kulowa m'linga la Alnwick mpaka anakabisala ku Scotland. M'zaka zimenezo anatseka mpita wa chipata chachikulu ndi miyala, nyumbayo n'kuisandutsa pobisalira pomaliza, ndipo anatsegula chipata china chaching'ono cham'mbali. Maziko ake akuonekabe pa udzu. Khomo limene Thomas anamangira kudzionetsera linakhala lotseka mpaka mu 1885. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya mabanja a Lancaster ndi York, Sir Ralph Percy, wa mbali ya Lancaster, anateteza lingalo mpaka anagonja mu Disembala 1462, kenako anabwereranso mbali yake yakale, n'kukafera ku Hedgeley Moor mu 1464. Chaka chomwecho linga linagonja komaliza, ndipo palibe amene analabadiranso zolikonza mokwanira.

Musaganize kuti ndi mizinga imene inaligwetsa. Linadyedwa pang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1520 mtovu wa padenga anausasula kupita nawo ku linga la Wark pa mtsinje wa Tweed, ndipo mitengo ndi mtovu wina zinakamangira nyumba ya milandu ku Embleton. Denga likachoka, mvula imalowa m'khoma, madzi amaundana m'nyengo yozizira n'kung'amba laimu, mwala n'kugwa wokha. Wogwawo alimi ankautola kukamangira makola ndi nyumba. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 mayi wina wamasiye, Alice Craster, anakhalamo kwa zaka zingapo n'kumalima malowo. Mu 1604 mfumu James I inaligulitsa, popeza England ndi Scotland zinali pansi pa mfumu imodzi ndipo linga la m'malire linalibenso ntchito. Ine otola miyalawo sindiwaimba mlandu. Makolo awo ndi amene anaisenza kupita nayo pamwamba.

Tsopano ndifike pa udzu uja. Tsiku lina ndikubwerera ku Craster chakumadzulo, dzuwa lili pansipansi, ndinaona kuti msipu umene m'mawa unkaoneka wosalala uli ndi mithunzi yaitali yondondozana. Achimwene, inali mizere. Ikufanana ndi ya chimanga kwathu, kungoti yathu ndi ya khasu la m'manja, yotalikirana phazi limodzi, pamene iyi mzere umodzi m'lifupi mwake ndi mapazi angapo aakulu. Anaipanga ndi khasu lolemera lokokedwa ndi ng'ombe, nthawi zina mpaka zisanu ndi zitatu. Khasulo linkagwetsera dothi mbali imodzi yokha, kudzanja lamanja, ndiye mlimi akamapita ndi kubwerera mozungulira ndime yake chaka ndi chaka, dothi linkaunjikana pakati, m'mbali n'kutsala ngalande zotulutsa madzi. Kumapeto mizere yakale kwambiri imakhota pang'ono, chifukwa gulu lalitali la ng'ombe linkayamba kupotoloka lisanafike pamathero. Munda unali umodzi waukulu wa mudzi wonse, wopanda mipanda, ndipo banja lililonse linkakhala ndi ndime zake zomwazikana, ina pachonde, ina pouma, kuti tsoka likagwa lisagwere munthu mmodzi. Mizereyi inapulumuka chifukwa malowo anadzawasiyira nkhosa, ndipo khasu lamakono silinadutsepo. Ndinagwada n'kuika dzanja pamsana pa mzere umodzi. Pamwamba pake panali pouma, udzu waufupi wometedwa ndi nkhosa, koma m'ngalande munali chinyezi ndi ndere. Ngalande ya munthu amene anafa kalekale ikugwirabe ntchito yake.

Ukayamba kuona choncho, nthaka imangotseguka. Thomas sanali woyamba pa chitundacho. Zaka zambirimbiri iye asanabadwe, Aroma asanafike n'komwe, anthu ena anali atatchinga kale malowo ndi mtumbira wa dothi, ndipo pokonza mabwinjawa anthu anatolapo mapale ndi mphero za nthawi ya Aroma. Chakummwera kwa Craster, pa malo otchedwa Howick, pali china choposa pamenepa. Gombe likugumuka, anthu okonda zakale anaona timiyala tosongoka tosemedwa ndi manja tikutuluka m'dothi. Akatswiri a yunivesite ya Newcastle anakumbapo mu 2000 ndi 2002 n'kupeza malo a nyumba yozungulira ya zaka zoposa 9,000, imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zimene zapezeka mu Britain. Panalibe khoma, panalibe mwala womangira. Panali maenje a nsichi, mafuwa ndi phulusa, ndiponso makoko ambirimbiri opserera a mtedza wa m'tchire wotchedwa hazel. Kuchokera m'makoko amenewo anatha kuyeza zaka, n'kuona kuti nyumbayo anaimanga ndi kuimanganso pamalo omwewo, anthu n'kukhalamo kwa zaka pafupifupi 100.

Munandiuzapo kuti ana a sukulu amakufunsani chifukwa chimene kwathu kulibe nyumba zakale za miyala ngati za m'mabuku a mbiri ya ku Ulaya, ndipo ena amafunsa mokhala ngati achita manyazi. Yankho limodzi mukulidziwa kale. Pa nthawi yomwe Master Elias ankamanga chipata chake, ku Great Zimbabwe kunali makoma a miyala osanjidwa popanda laimu, ena otalika mamita 11. Koma taonani zimene zinachitika kumeneko. Atsamunda atayang'ana makoma okhawo anapeka nkhani za Afoinike ndi mfumukazi ya ku Seba. Amene anathetsa bodzalo ndi David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929, ndipo analithetsa ndi zimene zinali m'dothi pansi pa makoma, mapale ndi zotsalira za nyumba zomata za anthu a komweko. Khoma limalola aliyense kuliikira mawu m'kamwa. Phulusa ndi mapale sizilola.

Yankho lachiwiri lili kuseri kwa phiri lanulo. Kumunsi kwa Dedza, pafupi ndi Mtakataka, kuli Mankhamba, likulu la Kalonga. Palibe nsanja yoti munthu ajambule. Koma katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi atakumbapo anapeza mikanda ya galasi yochokera kutsidya la nyanja, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa, chitsulo ndi minyanga ya njovu yosemedwa. Anthu a pamenepo ankagulitsana malonda ndi dziko lakutali, ankaweruza milandu, ankalonga mafumu, ndipo ankamanga ndi mitengo, tsekera ndi dothi chifukwa ndizo zinkayenerana ndi dziko lawo. Mfumu ya Amaravi sinkafunika chipata cha mamita 24 kuti anthu adziwe kuti ndi mfumu. Ulemu wake unkayenda m'mitulo, m'maukwati, m'miyambo ya mvula ndi m'mawu a akuluakulu. Ndikanakhala inu ndikanawatenga anawo, makamaka mu Okutobala udzu utapsa, nthaka ili poyera. Sikuti mpaka ku Mankhamba kokha. Bwinja lililonse la kufupi ndi sukulu lingawaphunzitse kuona: pamene dothi lada kuposa pozungulira, pamene pamera mitengo imene munthu anaibzala, kachulu ka dzala lakale, mphero yosweka, phale lokhala ndi zolembalemba pamlomo. Pitani m'mawa kwambiri kapena chakumadzulo, chifukwa dzuwa la pamutu limabisa zonse. Chimodzi chokha muwalangize mwamphamvu: asatole kanthu. Phale likachoka pamalo pake limasiya kulankhula. Ajambule, alembe pamene lili, afunse agogo a m'mudzimo dzina la malowo, ndipo mukapeza chachikulu mudziwitse a nthambi ya boma yoona zinthu zakale.

Ku Dunstanburgh nthaka sinasiye kulemba pamene linga linagwa. Mu 1940, poopa kuti asilikali a Hitler angakochezere pa mchenga wa Embleton Bay, boma linatchera mabomba okwirira, kuyala waya waminga ndi kumanga tinyumba ta konkire toomberamo mfuti. Tina tikadalipo. Kamodzi anakamanga posanja matumba odzaza konkire, ndipo ngakhale matumbawo anaola kalekale, maonekedwe ake anatsalira pa khoma, thumba lililonse palokha. Pafupi pomwepo pali bwalo la gofu limene linayamba mu 1900, kotero woyenda pansi amadutsa pakati pa osewera, nkhosa, tinyumba ta nkhondo ndi maiwe a Thomas pa ulendo umodzi. Masiku ano malowa ndi a National Trust, ndipo mabwinja akusamalidwa ndi English Heritage. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti sakuyesa kumanganso zimene zinagwa. Amangolimbitsa zimene zilipo, ndipo dambo lija amalilola kusunga madzi m'malo moliumitsa. Pa phompho la Gull Crag mbalame za m'nyanja zotchedwa kittiwake zimaikira mazira m'miyezi yofunda, phokoso lake logonthetsa m'khutu, koma pano zinapita kale kunyanja yaikulu ndipo zidzabwera chaka chamawa.

Zithunzi ndikutumizirani pa WhatsApp, kuphatikizapo za mizere ija ndi mapu oonetsa pamene panali maiwe atatu. Za mizere muzione pa kompyuta ya kusukulu, chifukwa pa foni mithunzi yake sioneka bwino. Kukayamba kufunda ndikufuna ndikafike ku Warkworth, linga la banja la Percy, kumene tauni yakale idakali m'malo mwake pakati pa linga ndi mlatho, ndipo ndidzakulemberani zimene ndikapeze. Inunso mukapita ndi ana kumunsi kuja mundijambulire mtsinje wa Nadzipulu ndi malo ozungulira, ndipo mundiuze zimene akuluakulu a kumeneko akunena.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa mayi kumudzi. Muwauze mayi kuti ufa ndi usipa zimene anapatsira mnzathu uja zinafika bwino, ndipo tinadya nsima ndi anzathu a kutchalitchi Lamulungu lomwelo.

Ndine mnzanu ndi mbale wanu,
wa ku Newcastle